Maluwa a shuga akufota, fondanti ikutuluka thukuta: madziwo akuchokera kuti?

Mvula ikangoyamba mu Novembala muno madandaulo athu ife ophika mabolu amakhala omwewomwewo chaka ndi chaka. Wina akuti maluwa ndinapanga Lachitatu anauma bwinobwino, kugogoda ndi chikhadabo kumamveka kuti gwa, koma Lachisanu mmawa ndawapeza awerama ngati nkhwani wogona pamsika. Wina akuti fondanti, phala lolimba la shuga lokutira bolu lija, ndakutira usiku ili bho, kukucha bolu yonse ili nyezinyezi ngati yadzola mafuta ndipo chofiira chatsikira pa choyera. Wina shuga wophika uja amafuna aoneke ngati galasi wangosanduka ulimbo. Ndiye poti nane ndinaliramo mokwanira ndati ndilembe zomwe ndimachita, mwina wina apulumutse bolu ya ukwati wa mu Disembala. Bolu, keke, tchulani mmene munazolowerera, kuno ku Ulongwe wa ku Mozambiki timasakaniza zonse poti Dedza ndi pakhomo pomwepa.

Shuga amamwa madzi, anzanga. Sadikira kuti mumuthire ayi, amakoka yekha mu mpweya. Mukudziwa mmene mchere umachitira mu dzinja, umanyowa mu kabotolo mpaka osatulukanso pa timabowo tija, shuga naye ndi chimodzimodzi, ndipo akakhala wophikidwa kapena wosakaniza ndi glukozi, uchi kapena gliserini ndiye ludzu lake limachita kunyanya. Shuga wamba woyera wamchengamchenga uja amapirira mpaka chinyezi cha mu mpweya chifike cha m'ma 85 pa 100, apo mpomwe amayamba kusungunuka yekha, koma yemwe waphikidwa kale nkuuma ngati galasi amayamba kumata chinyezicho chikadali kutali ndi pamenepo. Nde mukaona bolu yanyowa musathamangire kuwaza aisingi shuga wina pamwamba, mukungoitanira madzi ena. Yambani mwadzifunsa kuti kodi madziwa alowera khomo liti, chifukwa a mu mpweya mankhwala ake ndi ena, a mu filiji ndi ena, ochokera mkati mwa bolu momwemo ndi enanso.

Komanso ife a chigawo cha Tete tili ndi kavuto komwe aphunzitsi a pa YouTube sangakuuzeni. Chigawo nchimodzi koma nyengo ndi ziwiri. Kuno kumtunda, Angonia, Tsangano, Furancungo, kumazizira, mmawa chifunga, ndipo mu Januwale ndi Febuluwale mvula yowaza ija itha kukhala masiku angapo osakata, zovala pachingwe osauma mpaka kuyamba kununkha. Vuto lathu kuno nlakuti zinthu siziuma. Tsikirani ku Moatize kapena mu mzinda wa Tete m'mbali mwa Zambezi, kumeneko Okutobala ndi Novembala kumadutsa madigiri 40 koma mpweya uli wouma, ndiye mvula ikabwera kumakhala kutentha ndi chinyezi pamodzi, ndipo mpweya wotentha umanyamula madzi ambiri kuposa wozizira. Kumeneko vuto ndi thukuta ndi kusungunuka. Njira yomwe imagwira ku Ulongwe mukaitengera ku Tete osasintha kalikonse, mudzalira.

Ine ndinalirira pa ukwati wina wa mu Disembala. Bolu ya masitepe atatu, fondanti yoyera mbee, maluwa ofiira, riboni yakuda mmunsi. Tinanyamuka mbandakucha, mtunda wopitirira makilomita 200, tinafika bwinobwino chilichonse chili mmalo mwake. Eni malo a phwando aja mwa chifundo chawo akuti mana kunja kukutentha, bolu yanu tiyiike mu jeleira, kutanthauza filiji, ine nkuvomera, nkuthokozanso. Itakwana 3 koloko anaitulutsa nkuiika patebulo pansi pa tenti. Sipanathe mphindi 20, bolu ija inali ikuchucha, chakuda chija chikuyenderera pa bolodi, maluwa akugwa limodzilimodzi, madirinya, mayi woimira mkwati uja, akundiyang'ana osaphethira. Tsiku limenelo mpomwe ndinadziwa kuti filiji ndi fondanti mu dzinja ndi mphaka ndi khoswe.

Tiyambe ndi thukuta la mu filiji lomwelo poti ndi lomwe limapha mabolu ambiri. Thukutalo silituluka mu bolu ayi. Tengani botolo la chakumwa chozizira muike patebulo, kunja kwake kumachita madontho, madzi amene aja sanaboole galasi, ndi a mu mpweya afikira pa chinthu chozizira. Kukakhala madigiri 30 ndipo chinyezi chili pa 75, chinthu chilichonse chozizira kutsika pa madigiri 25 chimachita mame, ndiye taganizani bolu yochoka mu filiji ya madigiri 4 kapena 5. Mamewo akagwera pa botolo palibe kanthu mumangopukuta, koma akagwera pa shuga amamusungunula.

Ngati simungachitire mwina, bolu ikuyenera kulowa mu filiji basi, iloweni mu katoni ya pepala lokhuthala, mumate mipata yonse ndi selotepi, mukafuna mukutirenso pulasitiki kunja kwa katoniyo. Potulutsa musatsegule, olo mtima ukhale mmwamba bwanji. Ikhale chitsekere maola awiri kapena atatu, yaikulu anayi, mame afikire pa katoni osati pa bolu, mutsegule itafanana ndi kutentha kwa mchipinda. Ku Tete ngati pali chipinda cha AC iyambe yadutsira mmenemo isanapite panja. Ndipo ngati yachita kale thukuta, chonde manja kumbuyo. Osakhudza, osapukuta ndi kansalu kapena tishu, chala chimasiya chidindo chomwe sichidzafufutika. Yatsani fani pang'onopang'ono iziomba chapatali, muzitembenuza bolu, pakatha ola kapena awiri nthawi zambiri imauma yokha, imangotsala ndi kakuwala pang'ono komwe alendo amaganiza kuti munachita dala kkkk.

Koma njira yeniyeni ndi kupanga bolu yosafuna filiji nkomwe. Mu dzinja sindivomera kirimu wa mkaka kapena zipatso zaziwisi mkati mwa bolu ya fondanti, olo mango achuluke bwanji. Ndimaika jamu kapena ganache, chokoleti chosungunulira mu kirimu chija. Pansi pa fondanti ndimakonda ganache kuposa kirimu wa batala chifukwa batala amayamba kusungunuka cha pa madigiri 32 mpaka 35, kutentha komwe ku Tete ndi kwa tsiku ndi tsiku. Ya chokoleti chakuda ndimaika magawo awiri a chokoleti pa gawo limodzi la kirimu, ya choyera magawo atatu, yopita kumunsi ku Zambezi anayi. Ikagwira imakhala ngati chikhokhombe, ndipo fondanti imagona pamalo ouma. Kuonjezera apo magetsi akathima usiku filiji imayamba kudontha mkati, ndiye bolu yomwe simunaiike mmenemo ilibe nazo ntchito zimenezo. Maluwa a shuga okha ndiye asalowemo mu filiji olo mphindi imodzi.

Tsopano fondanti yomata mmanja, ija ena timati pasita amerikana. Mukuikanda ikungonanda, mukuifutukula ikukakamira pa tebulo, mukainyamula ikutamuka nkung'ambika. Musanainene kuti ndi yoipa tayang'anani kaye mu khitchini mwanumo. Pa moto pali mphika wa nyemba ukubwata chiyambire mmawa? Madzi a nsima? Mwangokolopa kumene? Zovala za ana zayanikidwa mkati poti kunja kukugwa mvula? Zonsezo ndi nthunzi, ndipo gasi naye akamayaka amatulutsa nthunzi yake. Ine shuga ndimagwirira mchipinda china, chitseko chotseka, zenera lotseka mvula ikamagwa. Ndipo nayi ina yomwe inanditengera zaka: ambirife timakonda kukongoletsa usiku ana atagona kapena mbandakucha, koma nthawi imeneyo mpomwe chinyezi chimakwera kwambiri poti mpweya wazizira. Chimatsika masana dzuwa likatentha, cha m'ma 1 mpaka 3 koloko. Kungosintha nthawi yokhayo theka la mavuto anga linatha.

Pofutukula, mmanja ndi patebulo ndimapaka mafuta oyera olimba a zomera aja pang'ono chabe, kenako kuwaza maizena, ufa wa sitalichi wa chimanga uja, wa mu kansalu komanga ngati kampira. Aisingi shuga ndimamupewa powaza mu dzinja chifukwa naye amanyowa nkuwonjezera kumata. Koma maizena musachulutse, fondanti imachita makwinya ndi ming'alu m'mbali ngati chikopa cha njovu, ndiye muyambanso kulira kulira kwina. Amene mumapanga nokha fondanti ya jelatini, gliserini uja chepetsani ndi theka kapena musiyeni kumene mvula ikamagwa, ntchito yake ndi kusunga chinyezi kuti fondanti isaume, mu Seputembala ndi mnzathu koma mu Febuluwale ndi mdani. Ya marshmallow nayo imavuta chimodzimodzi. Kachidutswa ka CMC, ufa wolimbitsa pasita uja, ngati kota ya sipuni yaing'ono pa magalamu 500, kamailimbitsa osaiumitsa gwa. Za kusinja shuga wamba mu blenda kuti akhale aisingi shuga, chabwino pa kirimu, koma pa fondanti ndi maluwa amatuluka wamchenga ndipo amaumbika msanga poti alibe kasitalichi kaja amathira ku fakitale. Shuga wabulauni ndiye ayi ndithu, ali ndi manyuchi ndipo manyuchi amakoka madzi koopsa.

Kanthu kamodzi komwe ndingakuuzeni kuti mugule musanagule nkomwe zodulira maluwa zatsopano ndi kawotchi koyezera chinyezi, higirometa, kaja kamaonetsa madigiri ndi maperesenti. Maso amanama, khungu limanama, tsiku limaoneka lowala koma mpweya uli chinyowere. Kuti mudziwe ngati kakunena zoona, ikani mchere mu chitsekerero cha botolo, donthezani madzi pang'ono ungonyowa osasungunuka, ikani pamodzi ndi kawotchiko mu kontena yotseka bwino usiku wonse. Mmawa kayenera kuwerenga 75. Kakawerenga 70 mwadziwa kuti kamabera 5, muziwonjezera. Kwa ine pansi pa 60 ndimagwira chilichonse mtima uli mmalo, pakati pa 60 ndi 70 ndimagwira koma zonse zimaumira mu bokosi, ikadutsa 70 shuga wophika sindimuyamba nkomwe.

Maluwa tsopano, apa ndikhalitsapo. Fondanti yokha payokha sipanga duwa loima mu dzinja, iwalani. Imafuna CMC, ena amati tylose, sipuni yaing'ono imodzi pa magalamu 500, ndipo mvula ikalimbikira ine ndimafika imodzi ndi theka. Kandani bwino, kulungani mu pulasitiki, igone usiku umodzi, mawa lake imakhala ina. Futukulani mopyapyala kwenikweni, tsamba lokhuthala limauma kunja kokha mkati muli muwisi, ndiye likangomva chinyezi limagonja kuchokera mkatimo. Guluu wake, kota ya sipuni yaing'ono ya CMC mu masipuni aakulu awiri a madzi owiritsa, pakani kuti pangonyowa osati pathapwe, ambiri timamiza duwa ndi guluu wathu yemwe kenako nkumanena mvula. Mitundu yamadzimadzi ya mu timabotolo ija isiyeni, gwiritsani ya jelo kapena ya ufa, ndipo chofiira chodera ndi chakuda musamafune kuchifikitsa ndi jelo yekha chifukwa mudzathira wambiri mpaka pasita kulobodoka. Pangani duwa lofiirira pang'ono, likauma mulipake ufa wofiira ndi burashi. Pojambula musungunulire ufawo mu vodka kapena jini yoyera osati madzi. Ndikudziwa amayi a mvano ena akwinya kale nkhope, koma mowawo umauluka mu kamphindi, madzi ndi omwe amatsala nkudya shuga.

Kuumitsa kwake kuno kumtunda ndiye nkhondo. Kuyanika pa thireyi patebulo nkumadikira, mudzadikira mpaka Pasaka. Ine ndili ndi kabati yakale yomwe ndinaikamo babu lakale lotentha lija la mawati 40, osati ma LED atsopanowa, amenewa satentha ndiye sathandiza. Babulo limafunditsa mpweya wa mkatimo, ndipo mpweya womwewo ukatentherako ndi madigiri 10 chinyezi chake chimatsika pafupifupi ndi theka. Chitseko ndimasiya kampata kuti nthunzi izituluka, babu likhale patali ndi mapepala ndi thonje, tisaotche nyumba chifukwa cha maluwa. Uvuni wa magetsi wokhala ndi getsi mkati nawo umagwira, yatsani getsi lokhalo basi, koma matani pepala pa batani lolembedwa kuti MULI MALUWA, chifukwa tsiku lina mwana wanga wamkulu anayatsa kuti aotche mbatata ndipo maluwa 30 anasanduka phala. Za kuika mbaula ya makala mchipinda chotseka kuti muumitse mpweya, chonde ayi, utsi wa makala suoneka, sununkha, koma umapha anthu ali mtulo.

Akauma asagonenso pamtunda. Alowe mu kontena yotseka kuti thi, ija ya labala pa chivindikiro, pansi pake muike silika, timikanda tija timapezeka mu timapaketi mu mabokosi a nsapato ndi a mankhwala, koma timapaketi tiwiri sitikwanira, gulani wambiri ndithu. Pamwamba pa silika yalani pepala kapena siponji kuti asakhudzane ndi maluwa. Wina amasintha mtundu akakhuta madzi, walalanje uja amasanduka wobiriwira kapena woyera, wabuluu amasanduka pinki koma ameneyo ali ndi mankhwala a cobalt ndiye ine pafupi ndi zakudya sindimufuna. Akakhuta satayidwa, muikeni mu uvuni pa madigiri 120 ola limodzi kapena awiri, wabwerera mwakale. Mpunga wosaphika umathandizako pang'ono pa tsiku la mavuto, makamaka mukayamba mwaukazinga pang'ono nkuuziziritsa, koma musaudalire sabata yonse. Mchere ndiye musayese, ukanyowa umasunga chinyezi pa 75 pompaja tayesera kawotchi paja. Ndipo kontena musamaitsegule pafupipafupi kuonetsa alendo, kutsegula kulikonse mwalowetsa dzinja.

Chinsinsi changa chachikulu nchaulesi kwambiri: maluwa a mu Disembala ndimapanga mu Seputembala ndi Okutobala, nthawi ya fumbi, pomwe duwa limauma tsiku limodzi popanda babu. Ndimapanga oyera ambirimbiri, akuluakulu ndi ang'onoang'ono, masamba omwe, nkutsekera. Oda ikabwera ndimangopaka mtundu womwe akufuna. Amakhala miyezi osasintha bola mouma ndi mopanda dzuwa. A pa 14 Febuluwale ndi a mabolu a pa 7 Epulo, tsiku la amayi lija magulu onse amafuna bolu yofanana ndi kapulana yawo, chitenje chija, amachokera mu makontena omwewo.

Duwa louma bwino litha kufotabe mukaliika pa bolu usiku, chifukwa tsopano likuyamwa madzi a kirimu kapena a fondanti yomwe lagonapo. Maluwa amakwera pa bolu komalizira, pamalo a phwando ngati nkotheka. Pomwe duwa likhudze kirimu ikani kadontho ka chokoleti choyera chosungunula, mafuta ake amatchinga madzi komanso amagwira ngati guluu. Waya wa duwa asalowe mu bolu mwachindunji, lowetsani kaye sitilo ya chakumwa ndiye waya alowe mu sitilomo.

Manambala, maina, mitanda ya ubatizo, tinyumba, zoima chilili zonsezi ndinasiya kupanga ndi fondanti. Ndimapanga pastillage, omwe anaphunzira mu Chipwitikizi amati pastilhagem. Yanga ndi jelatini sipuni yaikulu imodzi, madzi mamililita 80, aisingi shuga magalamu 450 ndi maizena magalamu 60. Mulibe mafuta, mulibe gliserini, imauma ngati mbale yadothi ndipo imapirira chinyezi kuposa zina zonsezi. Kuipa kwake imauma msanga mukadali kudula, ndiye tengani kachidutswa kamodzi kenako kotsalako vindikirani, ndipo muziitembenuza pouma kuti isapindike. Kudya siikoma, koma ndani anabwerera nambala pa phwando.

Royal icing, glacê real ija ya choyera cha dzira, vuto lake mu dzinja ndi mitundu kulowerana ndi madontho oderako pamwamba. Zonsezo ndi kuchedwa kuuma. Choyera cha dzira limodzi chimafuna shuga wosefa cha m'ma magalamu 200 mpaka 250, timadontho ta ndimu, ndipo mu dzinja ikhale yolimbirako kuposa mmene munazolowerera. Sakanizani mitundu dzulo lake kuti idere yokha musachite kuthira wambiri, ikani mtundu umodzi uume kaye pa fani maola angapo musanaike unzake pambali pake, makamaka chofiira pafupi ndi choyera. Ola loyamba lija ndi lomwe limaweruza, fani ikagwira pamenepo pamwamba pamatseka msanga ndipo pamawala bwino.

Shuga wophika, wa zipsepse zoonekera ngati galasi kapena wokoka ngati riboni, ndiye mfumu ya mavuto. Muyezo womwe ndimatsata ndi shuga woyera kilo imodzi, madzi mamililita 400, glukozi magalamu 200, ndi timadontho tochepa ta ndimu kumapeto. Akamamata zifukwa zake nthawi zambiri ndi izi: sanapse kufika pomwe amathyoka, pa madigiri 149 mpaka 154, kapena mwachulutsa ndimu, kapena mwaphika pamoto wofooka nthawi yaitali. Chowawasa ndi kuchedwa pamoto zimaswa shuga kukhala glukozi ndi fructose, ndipo fructose ndiye chidakwa cha madzi. Moto ukhale wamphamvu, osatakasa akayamba kuwira, m'mbali mwa poto muzitsuka ndi burashi yonyowa. Mu dzinja ndimapitirirako madigiri awiri atatu kuti madzi otsala achepe.

Koma apa pali msampha wa ife a kumtunda. Manambala amenewo analembera anthu okhala kufupi ndi nyanja yamchere komwe madzi amawira pa 100. Kuno ku Angonia tili pamwamba mamita opitirira 1,000, ndipo mamita 300 aliwonse madzi amawira msanga ndi digiri imodzi, ndiye ku Ulongwe amawira cha pa 96. Wiritsani madzi, viikani themomita yanu, kusiyana komwe mupeze ndi 100 muchotse pa manambala onse a shuga. Mukapanda kutero shuga amapsa mopitirira nkuchita chikasu inu mukudikirabe 154. A mu mzinda wa Tete izi sizikukhudzani, muli pansi. Opanda themomita donthezani mu kapu ya madzi ozizira, akathyoka kuti thwa ngati galasi wapsa, akapindika ayi. Ndipo beseni la madzi ozizira likhale pambali nthawi zonse, shuga wotentha amakakamira pakhungu, mukapsa viikani kapena thirani madzi mphindi 20, osati kupaka mankhwala otsukira mano kapena dzira monga timachitira kumudzi.

Isomalt, cholowa mmalo mwa shuga chija, ndi wabwino kuposa shuga pa ntchito imeneyi, samwa madzi msanga ndipo sachita chikasu, amaphikidwa cha pa 170. Kungoti ndi wodula, amachita kuitanitsa, ndipo naye mukamusiya pamtunda usiku wa mvula mmawa mumupeza wachita mtambo ndi kumata pang'ono. Akazizira pompo alowe mu kontena ya silika, akwere pa bolu alendo ali pakhomo. Muwauzenso ana asakukute wambiri, amatsegula mmimba.

Nanga mukaona fondanti yatupa chithuza m'mbali, kapena mmunsi mozungulira mwanyowa pomwe pamwamba pali pouma, ndipo bolu sinalowe mu filiji? Amenewo ndi madzi a mkati. Mwina munakutira ikadali yofunda poti nthawi inatha, mwina munachulutsa kalda, madzi a shuga onyowetsera bolu aja, paja ife timakonda bolu yonyowa yoti ikasungunuke mkamwa. Ya fondanti kalda ingopakidwa ndi burashi osati kuthira ndi kapu, ndipo bolu izizire usiku wonse, mukaika zamkati ikhalenso maola angapo itatsindiridwa ndi mbale kuti mpweya utuluke musanaikutire. Chithuza chikatuluka boolani ndi singano yoyera chammbali nkusisita pang'onopang'ono.

Paulendo, bolu iyende mu katoni osati mu kontena ya pulasitiki yoonekera, imeneyo dzuwa likaiomba imachita nthunzi mkati ngati mphika. Ikhale pansi posalala pa kamphasa kosaterera, osati pamiyendo pa munthu, ndipo mu shapa, minibasi ija, yodzaza anthu onyowa ndi mvula musayerekeze. Galimoto ikakhala ya AC musazizitse kwambiri, mukamayandikira Moatize muzichepetsa pang'onopang'ono kuti potsika bolu isakumane ndi mpweya wotentha ili yozizira, apo ayi ndi nkhani ya jeleira ija yabweranso. Maluwa ayende paokha mu kontena yawo, ndi ena apadera asanu kapena asanu ndi limodzi poti ena amathyoka pa mabampu. Mu chikwama mukhale maizena, burashi youma, chokoleti choyera pang'ono, riboni ya nsalu yobisira mmunsi, ndi kafani kochajitsa.

Ndipo kambani ndi madirinya tsiku lomwe akupereka oda, osati tsiku la ukwati. Ine ndimafunsa mwezi, malo, mkati kapena pa tenti, bolu idulidwa nthawi yanji. Akati Febuluwale, ku Tete, pa tenti, fondanti yakuda ndi zipsepse za galasi, ndimawauza kuti mayi zimenezo sizifika 4 koloko, tiyeni tipange yoyera, riboni yakuda ikhale ya nsalu, maluwa ndidzaika ndekha anthu akamachoka ku tchalitchi. Ena amafuna maluwa enieni mmalo mwake, zimatheka, koma asakhale othyola paliponse pampanda, oleander uja wa maluwa apinki ndi poizoni, ndipo ogula nawonso amakhala opopera mankhwala, ndiye mapesi ake akulungidwe ndi tepi nkulowa mu sitilo, pansi pa duwa paikidwe kapepala. Wina akakakamirabe za fondanti yakuda pa tenti ndimamupempha anditumizire mawu omwewo pa WhatsApp kuti wasankha yekha, ndipo foni imeneyo ndimapita nayo ku ukwatiko ili fulu chaji.